Kalezala ndi mitu yothawa

Amene amati Kalezala ndi wamisala akadziyang'ane okha pagalasi. Mnyamatayu ndi wometa tsitsi, wamtali ngati mlongoti, pakamwa popanda chitseko. Anabadwa ndi HIV, ndipo saona chifukwa chobisira chinthu chimene sanabe. Ikakwana 12 koloko amazimitsa makina pakati pa mutu wa munthu, n'kugwedeza botolo la ma ARV kuti aliyense amve, n'kumeza.

"Pepani bwana, ndithire kaye mafuta. Galimoto siyendera ulemu."

Mitu inayamba kuthawa. Telala anathawa nsalu yometera ili m'khosi. Kenako wa butchala. Kenako aphunzitsi a masamu, amene anafotokozera anthu kuti kachilombo kamayenda m'chingwe cha magetsi. Kalezala amapukuta makina ndi sipiriti mpaka kung'anima, koma anthu osayamikawa anasamukira kwa mdala wa kutsidya kwa msewu, wosaona bwino, amene amameta tsitsi ndi khutu lomwe.

Mwezi wachitatu pampando wometera pankagona mphaka. Eni nyumba anati, "Mwana wanga, Lachisanu undipatse makiyi. Ndiikamo nkhuku."

Lachiwiri Kalezala anapita kukatenga mankhwala. Chipatala chili kuseri kwa shopu yake, ndipo masiku onse amapezako nesi yekha akuyasamula. Tsikulo anapeza akupenta, odwala akuwatumiza kuchipatala china, ulendo wa maminibasi awiri. Ananyamula chikwama cha makina, poti loko wa shopu yake ndi wongoopsezera.

Kulowa chonchi, anthu onse a mumsewu wake ali pabenchi! Telala wavala chipewa chaubweya dzuwa likuswa mtengo. Wa butchala magalasi akuda. Aphunzitsi abisala kuseri kwa nyuzipepala yozondoka. Aliyense ankabwera kutali kuno kuti anzake asamuone, ndipo mwezi ndi mwezi ankakhala mogundana mapewa, osaonana.

"Atelala! Mwadzuka bwanji?"

"Ndaperekeza munthu," anatero telala, akuloza wa butchala.

"Ine ndaperekeza aphunzitsi."

"Ine ndimawerengera nyuzi kuno," anatero aphunzitsi. "Kuli kamphepo."

Mtsikana wogulitsa mayunitsi anaseka mpaka kutsamwa, n'kuchotsa mpango kumaso. "Ine ndadziperekeza ndekha, achimwene. Zaka zisanu ndikumwera mapilisi m'chimbudzi ngati ndaba. Ndatopa."

"Anga amakhala m'sokosi," anatero kondakitala wina. "Ndikathamangira pasenjala amalira, ndiye ndimatsokomola kuti anthu asamve. Pano akuti ndili ndi TB."

Kalezala magazi anawira. "Nanga mumandithawiranji, anthu inu?"

"Ukametetsa kwa iwe amati nawenso uli nako," telala ananong'ona.

"Ndiye mulibe?"

"Ndili nako. Koma asamanene."

Kalezala anayang'ana mitu ija, yonyankhalala ngati tchire, zipsera m'makutu, mtima unamuwawa. Anapempha soketi kwa nesi, n'kukokera benchi pakhonde. "Vulani zipewa. Kuno palibe akukuonani, si nonse mwaperekeza?"

Anameta mitu khumi ndi umodzi. Koma dzanja lili ndi chizolowezi chake. Kalezala sangamalize mutu osajambula kamzere kopindika pamwamba pa khutu lakumanzere, ndipo kamzereko ngakhale mwana wa mumsewu uja amadziwa mwini wake. Anthu aja anazindikira za kamzereko pobwerera, ali mu minibasi yachiwiri, aliyense ataona khutu la mnzake. Aphunzitsi anapempha kutsika. Mtsikana wa mayunitsi anakhalira zipewa zonse, nati amene akufuna chake amunyamule.

Anatsika pasiteji masana, mitu ili mbee, akazi a telala ali pomwepo kugula tomato. Anayang'ana kamzere, anayang'ana mwamuna wawo.

"Bola lero mwabwera ndi makutu onse," anatero. "Nyamulani jumboyi."

Lachisanu eni nyumba anafika ndi nkhuku ziwiri m'khwapa, n'kupeza benchi yadzaza mpaka panja, kondakitala akugwedeza sokosi yake poyera.

"Makiyi aja, mwana wanga..."

"Pamzere, bambo!" anakuwa Kalezala osatembenuka. "Ndipo nkhuku sindimeta."