Bowa wa M'diso la Ababa

Fungo la mpunga wopunthidwa kumene limandibwezabe ku Malindi, chaka chomwe mwera unakana kuleka. Ngalawa zinali pamtunda. Ababa anali siginala, munthu woona pomwe pali usipa n'kulozera anzake poponya khoka, ndiye posowa chochita anakathandiza amayi kupuntha mpunga. Kankhusu kamodzi kanawagwera m'diso. Anangotikita n'kupitiriza.

Diso linafiira, kenako pakati panatuluka kadontho koyera. Mankhwala odontheza a kumsika anangothera pa tsaya. Kuchipatala cha ku boma adokotala anasakasaka mawu oti timve, nati, "Ndi tizilombo ta mtundu wa bowa, tamera m'disomu."

Bowa! Bowa m'nyengo yozizira, popanda mvula, pankhope pa ababa anga! Dzuwa lisanapendeke, ana anzanga, Malindi yense wa makabudula, anali atamva, ine n'kutsegula bizinesi. Kusuzumira pazenera kamodzi, bwemba wodzaza dzanja. Yusufu, mnzanga wa m'kalasi, anati ndadulitsa.

"Iwe, wa kuphiri umamuona ulere chifukwa ndi wamba," ndinamuuza. "Uyu ndi wa m'diso, achimwene. Onjezerapo chinangwa."

Anaonjezera.

M'mawa uliwonse ndinkathamangira kukaona ngati bowa uja watulutsa chipewa. Ababa ankakhala m'chipinda chotchinga ndi chitenje, poti kuwala kunkawabaya. Munkanunkha mankhwala ndi thukuta, amayi akuwadonthezera ola lililonse mpaka kuwodzera chokhala. "Msika uli bwanji lero, abwana?" ankandifunsa ababa. "Akakhwima tigawana." Adokotala anasintha mankhwala, n'kusinthanso, akuti bowayu sakumva. Ine ndinanyadira. Wamakani ngati mwana wa pakhomo pomwepo!

Mwera utaleka, ngalawa zinalowa m'madzi ndi siginala wina. Bowa anafa ndithu pamapeto pake, koma anasiya chipsera choyera ngati mamba a chambo, ndipo diso lija silinaonenso. Ababa anayamba kusoka maukonde pansi pa mtengo wa mango. Ndinalira, inde, koma ndinkalirira malonda anga.

Lero ndimakangana mitengo mumsika wa Mangochi, ndipo ndimadzitama kuti sanabadwe wondipusitsa. Bodza. Anandipusitsa ababa. Ine ndinkadikira kuti bowa atuluke, iwo akudziwa kuti akumera cholowa mkati, ndipo ankaseka kuti ndisaleke kubwera m'mawa.