Boti la a Simioni pa chitunda cha Chowe

A Simioni Kaliza anabadwira ku Nkope, koma anakalambira ku Namwera, komwe ankapala matabwa. Zitseko zambiri za masitolo a kumeneko ndi ntchito ya manja awo. Imvi zitayamba, anayamba kukhoma boti la thanga kuseri kwa shedi yawo, kumtunda komwe kulibe nyanja. Odutsa ankaima n'kumaseka.

"Che Simioni, chigumulacho chibwera liti?"

Iwo ankangoti, "Kwathu sindikafika chimanjamanja."

Maso atayamba kuchita chidima, anaganiza zobwerera kwawo. Anawotcheretsa ngolo ya matayala awiri yokokerapo botilo, n'kupangana ndi Jaffalie, mnansi wawo yemwe anali ndi pikiapu yakale yonyamulira fodya. Tsiku la ulendo, katundu anadzaza kumbuyo kwa galimoto mpaka makina osokera a akazi awo, a Dorika, anasowa malo. Makinawo anawakweza m'boti.

"Inenso ndikhala momwemo," anatero a Dorika. "Makina angawa sayenda okha."

Anayenda bwino mpaka ku Chowe. Dzuwa lili pamutu, ali pakati pokwera kachitunda kena, utsi woyera unabuka kutsogolo, injini n'kuzima. Jaffalie anatsegula boneti, n'kupukusa mutu.

"Paipi ya madzi yaphulika. Komatu taima poipa, Che Simioni. Pano ndi pokhota, malole ochokera kumalire sationa. Timasule ngoloyi kuti tikankhire galimoto pambali."

Anaika miyala kumbuyo kwa matayala a ngolo. A Dorika anali atafunda chitenje kumutu, akuwodzera ndi kutentha. Palibe amene anaganiza zowatsitsa.

Jaffalie atangosolola chitsulo cholumikizira, mphuno ya ngolo inadzuka m'mwamba chifukwa katundu analemera kumbuyo. Mwala wina unaterereka. Ngolo inayamba kubwerera chafutambuyo, pang'onopang'ono, ngati ng'ombe yokana goli.

A Simioni anaigwira ndi manja onse awiri. Inawakoka. Anagwa chogwada, inawakhwekhwereza pa tala mpaka mawondo kusupuka, kenako inawapulumuka.

"Dorika!"

Chikwatiranireni anali asanawatchulepo dzina pagulu. Nthawi zonse ankati amake Hellen.

"Yarabi!" anakuwa Jaffalie, manja ali kumutu.

Anaona chitenje chikuvundukuka, a Dorika akudzuka n'kuyang'ana uku ndi uku, osamvetsa chifukwa chomwe galimoto ikutalikira. Ngolo inathamanga. Pokhota paja inasiya msewu, inadumpha ngalande, n'kulowa m'munda wa nandolo. Kenako kunamveka chiphokoso cha matabwa akusweka pa mtengo wa mango.

Kunangoti zii.

A Simioni sanathamangire komweko. Anakhala pansi pakati pa msewu, kukamwa kuli yasa, magazi akuchucha m'zikhatho. Jaffalie anawagwedeza paphewa, iwo osamva. Amayi ena awiri amene ankathyola nandolo chapafupi ndi amene anathamangira kumtengo kuja akulira.

Patapita kanthawi, nandolo anagwedera. Anatulukira a Dorika, amayi awiri atawagwirira uku ndi uku. Pachipumi panali bala, mkono wamanja uli lende. Anafika pamsewu n'kuwayang'ana amuna awo.

"Bambo a Hellen, mwangokhala pamenepo? Dzukani, lole ikupondani."

Apo m'pamene a Simioni analira, kulira kofuula ngati pamaliro, mpaka amayi aja anayamba kutonthoza iwo m'malo mwa wovulala.

Minibasi yochokera ku Namwera inawatenga onse awiri kupita kuchipatala ku Mangochi. Mkono unali utathyoka pawiri. Jaffalie anatsala, anamanga paipi ija ndi mphira ya chubu, anthu a m'mudzimo anamutungira madzi, ndipo anakatula katundu ku Nkope akuyendetsa ngati wanyamula mazira.  Akuti anatha masiku osagwira chiwongolero.

Boti linakhala m'munda muja mpaka mwini munda anatumiza uthenga woti akufuna kulima. Mkamwini wawo, Willard, ndi amene anakalitenga pa lole. Linali litang'ambika mbali imodzi. A Simioni analiyang'ana nthawi yaitali, n'kulowa m'nyumba. Mvula inagwa n'kutha asanalikhudze.

Amene anawakakamiza ndi a Dorika. "Mkono wanga unathyokera chinthu chimenechi. Mukufuna chiwolere pabwalo?"

Analikonza. Lero Willard amanyamulira nkhuni ndi matumba a usipa m'botimo mphepo ikakhala bwino. A Simioni amakhala pansi pa mtengo pafupi ndi doko, kusema nkhafi ndi kumata maboti a asodzi. Mkono wa a Dorika suwongoka bwinobwino, moti nsalu amawadulira ndi Hellen. Alendo akafunsa za chipsera cha pachipumi, a Dorika amafotokoza zonse, koma a Simioni amanyamuka n'kupita kuseri.