Mchenga umene unaimirira

Ndikukumbukira chaka chimene mano anga akutsogolo anali atangoguluka, kwathu ku Ngara. Dayinamo ya njinga ya adada, ija yoyatsa nyale ikamakhudza tayala, inafa, ndipo anaitaya kuseri kwa nyumba. Ine ndinaiphwanya ndi mwala. M'kati munali waya wofiira wokulungidwa, ndi kachitsulo kolemera kozungulira pakati pake. Nditakaika pansi, mchenga wakuda uja wakwathu unakamatirira, n'kuimirira ngati ubweya wa chiyabwe. Singano ya ankhazi, alongo awo a adada, inkachita kudumpha kukakumana nako. Ankhazi anaseka mpaka misozi. Anali amasiye, opanda mwana, ndipo ndinkagona kwawo.

A NyaGondwe, oyandikana nafe, anationa. Dzuwa lisanapendeke mudzi wonse unali utamva kuti ankhazi akuphunzitsa mwana ufiti.

Adadatu ankadziwa kuti ameneyo ndi maginito. Anali munthu woyenda, anagwirapo ntchito kumigodi. Anthu atadzaza pakhomo ndinawakoka malaya. "Adada, aonetseni." Anandiwaza mbama, kachitsulo kaja n'kukakaponya m'chimbudzi. "Mwana salankhula pa akulu." Ankaopa kuti akaikira kumbuyo mlongo wawo, chala chiloza iwo. Ankhazi anthu anawagwetsera nyumba. Anapita ku Mlare mphasa ili pamutu, ndipo maliro awo tinangomva.

Chaka chatha mdzukulu wanga Tawonga, mtsikana amene akuphunzira zamagetsi, anabwera ndi kandege kopanga yekha, koyendetsa ndi rimoti. Kanauluka kakulira ngati njuchi, mwera n'kukakagwetsera m'chinangwa cha eni. Posakhalitsa pakhomo panga panada ndi anthu. Akuti ndege ya gogo uja yagwa masanasana. Anyamata ena anali atatola kale miyala.

Tawonga anandinong'oneza. "Agogo, tiyeni tilowe, titseke chitseko."

"Titseke kuti atiotchere momwemo? Tenga zitsulo zako, utsegule kandegeko pamaso pawo."

Anamasula kamota kozunguza chopukusira mphepo, kakang'ono kosafika dzira la nkhuku. Anawauza kuti mota zakale zili ndi timakala tokhulana timene timaperepeseka, koma iyi ilibe: waya amangokhala phee, chimene chimazungulira ndi chigoba chokhala ndi maginito. Anthu ankangong'ung'udza. Ine zambiri zinandipita, koma maginito ndinamva. Ndinatapa mchenga n'kuthira m'chigobamo.

"Agogo, mwandiwonongera mota."

Mchenga unaimirira. Ndinapita kwa mnyamata amene anali ndi mwala waukulu kuposa onse. "Gwira, iwe. Gwiratu, ukhale mfiti nawenso." Anayamba waika mwala pansi, kenako anakhudza ndi chala chimodzi ngati akuyesa phala. Wina kumbuyo anati, "Aa, si zija za mu sipika ya wailesi izi?" Anthu anaseka, n'kumabalalika mmodzimmodzi, wopepesa panalibe.

Mota ija sinalirenso bwino, ndipo Tawonga anandikwiyira masiku angapo. Akwiye, ali moyo.

Ndinakhala pakhonde. Kanthu kochepa chonchi, kutapa mchenga basi, ndi kamene adada anakanika kuchitira mlongo wawo wa bere limodzi. A NyaGondwe ndinawakhululukira kalekale, sankadziwa. Amene amapha munthu pamudzi ndi uja wodziwa, n'kutseka pakamwa. Abale akamapita kukalambula kumanda, ine ndimalambula pa amama pokha.