Tsiku Limene Bambo Anayanika Mabatire a Abwana

Bambo anga ankawadziwa mabatire. Ndiyambe ndi zimenezi, chifukwa zomwe ndikufuna kusimbazi zingachititse munthu kuganiza kuti anali nkhalamba yopepera, pomwe sizinali choncho.

Ndili mwana ku Buguruni, dera lina la mumzinda wa anthu olankhula Chiswahili, m'masitolo munali mbee. Sopo wa pamzere, shuga wa pamzere, mabatire ndiye ngakhale mzere wake kunalibe. Nyumba yomwe tinkachita lendi inali ya mabanja asanu ndi limodzi, atatu mwa iwo ochokera ku Malawi ngati ife. Wailesi ya aliyense ikayamba kulankhula ngati munthu wa chimfine, mabatire ake ankabwera kwa Bambo. Iwo ankawagogoda ndi kamwala m'mbali monse mpaka achite timaenje, kenaka n'kuwandandalika pa malata kuti awothe dzuwa. Pofika madzulo wailesi ija inkatsegulanso kukhosi, mwina kwa masiku awiri, mwina atatu. Anthu ankawatchula kuti adokotala. Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, azibambo ankadzaza pakhonde pathu, Bambo akupotoza wailesi pang'onopang'ono kusaka mawu a kumudzi, ana tonse tili chete.

Kenaka boma linatsegula zitseko za malonda. Katundu anasefukira: kaunjika, matochi, mawotchi, ndipo mabatire anayamba kupezeka pa kagolosale kalikonse pafupi ndi machesi. Odwala a adokotala anatha. Bambo okha ndi amene sanasiye. Batire likafooka, ankalipititsabe pa malata, ngakhale latsopano lili m'kabati.

Ntchito yawo inali ya pageti, ku nyumba ina ya ku Msasani, dera la anthu olemera. Ankatsegula ndi kutseka geti masana, kuthirira maluwa, kusesa pabwalo. Anayamba m'nthawi ya mwini nyumba wamkulu, ndipo iyeyo atamwalira anatsalira m'manja mwa mwana wake, amene ndizimutchula kuti abwana. Inenso ukwati wanga utatha, Bambo ndi amene anandipezera ntchito ya m'nyumba momwemo. Tinkadzuka limodzi mbandakucha, kukwera madaladala awiri, maminibasi a kumeneko, iwo malaya atasitidwa bwino, makiyi a geti akulira m'thumba la thalauzi.

Amayi anali atamwalira kale. Anzawo a pakhonde aja ena anabwerera kumudzi, ena anagona kumanda. Chomwe chinkawadzutsa Bambo m'mawa linali geti lija basi. Koma abwana anali atanenapo kawiri, ine ndikumva ndili kukhitchini, kuti mzee, kunena nkhalambayo, watopa, ndipo kuli makampani a alonda a yunifolomu masiku ano. Bambo ankadziwa, inenso ndinkadziwa, kuti kulakwitsa kumodzi kokha kunali kokwanira.

Abwana anali munthu wa malonda a kunja. Atasiya kusuta ndudu anabwera ndi kachipangizo kotulutsa nthunzi yonunkhira mango, kamene iwo ankakatchula kuti vepu. Bambo anakapatsa dzina lawo: kaliwo wa magetsi. Kankayendera mabatire ochotsa, otalikirapo pang'ono kuposa a wailesi, okutidwa ndi kapulasitiki kobiriwira. Analipo anayi. Awiri akamagwira ntchito, awiri ankadikira. Kuwatchaja inali ntchito yanga.

Tsiku loyamba abwana anandiimika kukhitchini n'kundiwerengera malamulo ngati a Mose. Tchaja iziikidwa pa matailosi, osati pa bedi kapena pa nsalu. Mabatire ali pa tchaja, munthu azikhala pafupi. Kanyali kofiira kakasanduka kobiriwira, achotsedwe nthawi yomweyo n'kuikidwa m'kabokosi kawo ka pulasitiki. Asamakhale padzuwa. Lina likatentha kapena kapulasitiki kake kakang'ambika, lisagwiritsidwenso ntchito. Ndipo chachikulu, anatero akundiloza ndi chala, asadzalowe m'thumba momwe muli makiyi kapena ndalama zachitsulo, chifukwa chitsulo chikakhudza mutu ndi thupi la batire nthawi imodzi, limasanduka moto.

Masana tikudya pansi pa mtengo wa nimu ndinayesa kuwafotokozera Bambo zimenezi. Sindinafike ngakhale pa lamulo lachitatu.

"Iwe," anatero, "ine ndinayamba kugwira batire amako asanakubereke. Batire ndi batire. Asintha malaya okha."

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndinatengera iwo omwewo. Ndinati chabwino adokotala, n'kunyamula mbale zanga. Za makiyi zija sindinawauze. Ndinkaona ngati ndawakhaulitsa powamana nkhani.

Panapita miyezi. Tsiku lina m'mawa abwana potuluka anati madzulo ali ndi ulendo wautali wa pagalimoto, ndiye mabatire onse anayi awapeze ali odzaza. Ndinawaika pa tchaja cha m'ma teni koloko. Posakhalitsa foni inalira: abwana aiwala envulopu ya mapepala pa tebulo, ndikwere bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu, ndiwapititsire ku ofesi m'tauni, msanga.

Chofunika chinali kuzula tchaja n'kudzayambiranso pobwera. Ndinkadziwa. Koma ndinawerengera mzere wa magalimoto wa mumsewu umenewo ndi nthawi yomwe mabatire anayi amatenga kuti adzaze, ndinaona kuti sizikwana. Ndiye ndinanyamula tchaja ndi mabatire ali momwemo mpaka m'kanyumba ka pageti, momwe munali soketi, n'kuiika pa simenti.

"Bambo, muzingoyang'ana. Tinyaliti tikasanduka tobiriwira, muzule chingwe. Musagwire china chilichonse."

"Pita, ukuchedwa," anatero osandiyang'ana n'komwe.

Zomwe zinachitika ine kulibe ndinazimva pambuyo pake, zina kwa iwo, zina ndinangoziona ndi maso. Nditangochoka magetsi anazima. Jenereta inalipo, koma inkalizidwa pokhapokha abwana ali pakhomo. Bambo anadikira, tinyali tili zii. Anali atamva za ulendo uja. Ndiye anachita zomwe anachitira theka la Buguruni: anachotsa mabatire aja, kuwagogoda ndi kamwala, n'kuwandandalika pa malata a kanyumba kawo. Dzuwa la tsiku limenelo linali loswa mtengo. Cha m'ma wani koloko anawatsitsa ali otentha, anakhutira kuti amwa mphamvu, atatu anawanyamula m'manja, lachinayi n'kuliponya m'thumba la thalauzi kuti dzanja lina ligwire makwerero.

Ndinabwerako cha m'ma thu koloko. Ndinagogoda pageti katatu. Bambo sankachedwa kutsegula geti chibadwire. Litatseguka ndinawapeza atavala ovololo yothiririra maluwa, ataima mopendekeka. Pabwalo pankanunkha pulasitiki wopserera, ndipo pa simenti panali chizindikiro chakuda chozungulirazungulira mpaka m'maluwa.

Pa tebulo la m'kanyumba panali mabatire atatu, obowokabowoka m'mbali, malaya awo obiriwira atang'ambika kumutu.

"Linalo lili kuti?"

Analoza kamulu ka mchenga pafupi ndi mpanda.

"Ndionetseni mwendo."

"Palibe kanthu."

"Bambo, ndionetseni mwendo!"

Ntchafu inali itapsa malo aakulu ngati chikhatho changa, khungu litasupuka, ndipo iwo anali atapakapo mankhwala otsukira mano. Thalauzi analipinda bwinobwino n'kulibisa kuseri kwa chitseko, thumba lonse kulibe. Ati batire linayamba kufwenthera ngati mphaka, iwo n'kulikutumulira pansi, lili kuzungulira likulavula moto mpaka analikwirira ndi mchenga.

Ndinachita mantha, ndipo ine ndikachita mantha ndimalalata. Ndinalalata m'Chiswahili, chifukwa ndi momwe mkwiyo wanga umathamangira bwino. Ndinawafunsa ngati makutu awo ndi okongoletsa mutu. Ndinawafunsa ngati akufuna kuwotcha nyumba ya eni ake. Kenaka ndinabwerera ku Chichewa kuti amve bwino, n'kunena mawu omwe ndimawakumbukira mpaka lero: "Udokotala wanu uja unatha kalekale. Palibe akuufuna."

Ndinawakhazika pa ndowa yovundikira pafupi ndi mpopi, n'kumathira madzi pachilondapo kwa nthawi yaitali mpaka mankhwala a mano aja atachoka. Mkwiyo utatsika ndinayamba kukonza bodza. Ndinati ndiwauza abwana kuti ndine ndinagwetsa mabatirewo pa masitepe, lina linaphulika, ndipo Bambo anapsa pondithandiza kuzimitsa. Ine akanandikalipira basi, mwinanso kundichotsa, koma ntchito ya m'nyumba ku Msasani mkazi wa manja ake sasowa. Nkhalamba ya pageti ikachoka, yachoka.

"Mwamva, Bambo? Inu mungokhala chete. Tsopano tiyeni kuchipatala."

"Geti ndisiyire ndani?" anatero.

Anakana kusuntha mpaka galimoto ya abwana inaliza hutala cha m'ma folo koloko. Anadzuka, kuyenda mowongoka ngati mwendo uli bwino, kutsegula geti mbali zonse ziwiri, kudikira galimoto ilowe, n'kutsekanso. Ine ndinali nditaima pa khomo la kukhitchini, bodza langa lili kukamwa. Koma abwana asanatsike n'komwe, Bambo anali atalowa m'kanyumba kawo n'kutuluka ndi mbale yawo yodyera. M'mbalemo munali mabatire atatu aja, chigoba chakuda cha lachinayi, ndi makiyi a geti, kiyi mmodzi ali ndi chipsera pomwe moto unayambira.

Anafotokoza zonse m'Chiswahili chawo cholemera chija, mwadongosolo, kuyambira pa kuzima kwa magetsi. Sanasiye kamwala, sanasiye malata. Za ine anangoti mwanayu anandiuza kuti ndisagwire. Ndinayesa kulowererapo, iwo n'kunditembenukira.

"Iwe, akulu akulankhula."

Abwana sanali munthu woipa. Ataona mwendo uja anagwira kumutu, ulendo anausiya, n'kuwatengera Bambo kuchipatala pa galimoto yawo, ine ndili kumbuyo. Analipira zonse. Pobwerera anakatitula mpaka ku Buguruni, pakhomo penipeni, zomwe zinali zisanachitikepo. Potsika anawagwira Bambo dzanja n'kunena kuti pole sana mzee, kutanthauza kuti pepani achikulire, mupume kaye, za geti musadandaule. Makiyi aja sanawabweze.

M'mawa mwake abwana anandifunsa funso limodzi lokha, kuti tchaja inapita bwanji kugeti. Ndinati ndinaipititsa ndine. Anainyamula n'kupita nayo ku ofesi. Mabatire atsopano ankatchajira komweko. Sabata isanathe pageti panali mlonda wa kampani, wa yunifolomu ndi chipewa, yemwe ankandifunsa dzina m'mawa uliwonse asananditsegulire.

Chilonda chinapola patatha milungu ingapo. Bambo ankadzukabe mbandakucha, kusita malaya, n'kukhala pakhonde. Ine ndinkakwera madaladala awiri aja ndekha. Za tsiku lija sitinakambiranenso, kupatula kamodzi pomwe anati, akuyang'ana kumsewu, "Safunsa anadya phula." Mwambi umenewo ankatinenera ife tili ana. Ndinafuna kuwauza kuti phulalo ndinawapatsa ndine, pakuti za makiyi ndinkazidziwa ndipo ndinawabisira chifukwa cha mkwiyo wa pansi pa mtengo wa nimu. Ndinatsegula pakamwa, koma ndinangofunsa ngati amwa tiyi.

Madzulo ena nditaweruka ndinapeza pakhomo pali zii. Wailesi inali pa tebulo, chitseko chake cha kumbuyo chili chotsegula. Pambali pake panali mabatire awiri atsopano a pa golosale, akadali m'pepala lawo. Mwana wa aneba anandiuza pambuyo pake kuti Bambo anawagula m'mawa, ndipo anakhala nawo choncho tsiku lonse.

"Tandiikira," anatero. "Iwe ndi amene ukudziwa za masiku ano."

"Bambo, awa ndi akale omwe aja. Saphulika."

"Ikamo basi."

Zinandipweteka kuposa chilonda chija. Ndinang'amba pepala, n'kuika batire loyamba bwinobwino. Lachiwiri ndinalitembenuza dala, mutu kuloza komwe kumayenera kuloza matako, ndipo ndinachita zimenezo pang'onopang'ono, pamaso pawo penipeni. Ndinkadikira kuti andilande wailesiyo, anditchule chitsiru, andikumbutse kuti anayamba kugwira batire amayi asanandibereke. Ndinatseka kachitseko n'kuyatsa. Wailesi inangoti zii.

Anaona. Ndikudziwa kuti anaona, chifukwa maso awo anali pa zala zanga nthawi yonseyo, ndipo dzanja lawo linanyamuka pang'ono kuchoka pa bondo. Kenaka linabwerera pomwepo.

"Isiye," anatero. "Mwina nayonso yatopa."