Nyimbo ya Lameki Inati Zii Pakati

Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha amuna anga kuno ku Mbulumbuzi, ndipo ine mtima unali m'mwamba chifukwa cha nyimbo imodzi.

Mwana wanga Lameki amapeka nyimbo ku Ulaya. Osati zovina ayi. Iye amalemba timadontho papepala, anthu ovala zakuda n'kumakwecha mavayolini, omvera ali duu ngati akudikira jakisoni. Anamupatsa mpaka mphoto. Ine wolekeza Sitandade 4, atandimvetsa pafoni nyimbo yopambanayo, ndinafunsa kuti ayamba liti kuyimba. Inali itatha.

Tsono pa chiliza anabwera ndi nyimbo yopekera bambo ake, yoti tiimvere pa sipika. Alamu anga a ku Namadzi analipo, munthu woti amakumbukirabe ndiwo zosakolera mchere za pa ukwati wanga. Akanati chiyani? Kuti mbale wawo tamulira ndi kulira kwa chitseko?

Lameki anandinong'oneza ine ndekha kuti pakati pa nyimboyo pali chete wa mphindi yathunthu, malo a malemu.

Sipika inayamba. Kwii, kwii, kwii. Kenako zii.

Alamu anadzuka n'kuimenya khofi sipikayo, poganiza kuti yafa. Nawo a Esitere, otsogolera amayi a kumpingo, anachita zomwe tinakula nazo: woyambitsa nyimbo akasiya mpata, ndiye kuti akufuna mumuvomere. Anakweza mawu, amayi onse n'kulandira. Pamene mavayolini ankabwerera, anapeza malo awo atakhalidwa kale. Lameki anangogwira kumutu.

Pa chakudya alamu anati nyimbo inakoma, makamaka iwo atakonza sipika. Ndinapuma.

Koma kwii kwii uja ndinamudziwa. Inali njinga ya amuna anga, ija ankakana kuithira mafuta, ikukwera chitunda ndi thumba la nandolo. Ndinamufunsa Lameki.

"Ndi yomweyo, Amayi," anatero. "Azungu ankati ndi mbalame."

Iye akudandaulabe kuti kuno sitidziwa kukhala chete. N'zoona. M'minibasi wailesi, pamaliro nyimbo, kudimba miseche. Koma kodi n'kusadziwa?

Chete amene anamulemba papepalayo ine ndimakhala naye tsiku lililonse dzuwa likapendeka, nthawi imene njinga ija inkalira pakhomo. Ku Ulaya amamuombera m'manja. Kuno a Esitere anangomumva kamodzi, n'kukana kundisiya naye ndekha.

Ndiuzeni inu ophunzira: amene sanaimve nyimboyo ndani?