Dongo la Apongozi ku Kasina

Ndinanyamuka mu Lilongwe Loweruka m'mawa, timatumba totengera dongo tili m'chikwama ngati munthu wodziwa zimene akuchita. Ntchito yanga ndi yoyeza liwiro. Ndimapaka chitsulo cha kobati pa ufa wa dongo, n'kudutsitsapo mpweya wa alikini, haidirojeni ndi kaboni monokisaidi, kenaka ndimaona kuti zisanduka msanga bwanji kukhala mankhwala opangira sopo. Dongolo liyenera kukhala laliwisi, chifukwa likawotchedwa timibowo togwira chitsulo timatsekeka. Makina a ku labu anandipatsa Lolemba lokha, ndipo ndikaphonya, digiri yanga idikira chaka chamawa.

Dongo labwino lili ku Kasina, kwa apongozi anga aakazi, amene amaumba miphika. Mkamwini sayankhula nawo mwachisawawa, choncho uthenga ndinaudzeretsa kwa alamu anga a Yohane.

Mu minibasi anandikhazika pa thumba la kachewere, koma kondakitala analandira ndalama ya mpando wonse. Bambo wina atamva za ntchito yanga anati, "Ndiye kuti mumapanga sopo?"

"Ayi, ndimangoyeza liwiro."

"Pepani," anatero, ngati ndawauza za maliro.

Pa Linthipe ndinadya tchipisi cha pachiwaya, n'kukwera kabaza wa njinga yamoto. Mvula inali itagwa, msewu uli tererere. Ine katswiri wa liwiro ndinayenda ulendo wonse ndikuchonderera kuti achepetse.

Masana ndinafika. Apongozi anagwada patali, ine ndinanjuta kuyang'ana kumbali. Atandilonjera analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mphika waukulu, wowotcha bwino, wonyezimira.

"Amayi akuti mkamwini wophunzira sanganyamule dothi ngati chiswe," anatero a Yohane. "Dongo lanu lonse lija aliumba."

Ndinanong'oneza kufunsa a Yohane za kunkhuti kokumba dongo.

"Kwadzaza madzi, alamu. Mpaka mvula ithe."

Apongozi anali chigwadire, akudikira mawu anga. Zofunika kunena zinali zochepa, koma pakamwa panatuluka zina: "Auzeni kuti ndathokoza, ndi zimene ndimafuna."

Pobwerera mphikawo ndinaufukata pamiyendo, ndipo kondakitala anaulipiritsa ngati munthu. Ndinaphunzira kuti ndimaopa apongozi kuposa mpweya wakupha umene ndimagwira nawo ntchito.

Lolemba makina anapita kwa mnzanga. Mphika uja mkazi wanga amaphikiramo nyemba, ndipo akuti zimapsa msanga kwabasi.