Chithunzi cha Amonke Pakhoma la a Dona

Ndikukumbukira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, amayi akugwira ntchito ya m'nyumba ku Limbe kwa mayi wina wokalamba wachigiriki amene tinkangowatchula kuti a Dona. Tinkagona kukachipinda ka kuseri, ndipo lamulo linali limodzi: mwana wa wantchito asaponde m'nyumba yaikulu. Bambo anali atamwalira, ine ku Limbeko ndinalibe wina koma amayiwo.

Tsiku lina masana, amayi akuchapa, ndinalowa. Sindinkafuna kuba, ayi, ndinkangofuna kuona. Munkanunkhira lubani ndi polishi. Pakhoma panali chithunzi chachikulu: nyumba zamiyala zomata paphompho ngati chisa cha mavu, ina pamwamba pa inzake, pansi pake chigwa chouma chopanda ndi mtengo womwe.

"Iwe, ukuona chiyani?"

Anali a Dona, kumbuyo kwanga. Ndinatembenuka. Koma sanakalipe. Anandipatsa bisiketi, n'kuyamba kuloza ndi ndodo yawo. Anati mmenemo mumakhala amonke a mpingo wa kwawo wa Orthodox, amuna osakwatira, ongopemphera. Oyamba ankagona m'mapanga a thanthwelo kalekale. Achifwamba atawapha kangapo, otsalawo anamanga linga lochindikala, timawindo ting'onoting'ono, khomo limodzi lalifupi loti munthu alowe chowerama, ndi nsanja yoonera adani akadali patali. Chakudya ankachikoka ndi chingwe, chili m'dengu. Kenaka analoza kansanja kena kokhala pakokha kunja kwa lingalo.

"Aka n'ka akazi. Mkazi salowa. Ngakhale mayi wa mmonke amaima apa, kuyang'ana basi. N'chifukwa chake nyumbayi sinagwe mpaka lero. Lamulo."

Atatero anaitana amayi. Anabwera thovu lili m'manja, ndipo atandiona anaima chilili. A Dona anati, "Mwana uyu mawa apite kumudzi. Apo ayi, mupite nonse."

Amayi anagwada. "Pepani Dona, ndimulanga pompano, muone nokha."

Anatenga waya wa ayironi. Anandikwapula m'miyendo, kumsana, paliponse, bisiketi ija ili m'manja mwanga yosaluma. Akamenya ankayang'ana a Dona, osati ine. Kumenya, kuyang'ana, kumenya, kuyang'ana. A Dona anakhala pampando kuonerera mpaka mkono wa amayi unatopa, ine nditadzikodzera. Ndiye anati, "Pukutani pansipo. Mawa apite."

M'mawa mwake amayi anandikweza basi ya ku Ntcheu, kwa azakhali. Kumeneko sukulu inathera sitandade sikisi. Amayi ndinawada, ndipo anamwalira tisanakhalepo pansi n'kucheza.

Pano ndili kunja, ku Doha, kudera lotchedwa Old Airport, ndimalera ana a eni. Wanga, Tadala, wa zaka ziwiri, ndinamusiya kwa mchemwali wanga. Munthu amene anandipezera ntchito anandichenjeza kuti madamu anga safuna wantchito wa mwana wamng'ono, akuti amangokhalira kulira pafoni. Ndiye ine ndimakhala tcheru, dzina la Tadala silituluka pakamwa panga, ngakhale pomuimbira ndimalowa kubafa n'kutsegula mpopi.

Lachisanu lapitali, tsiku lopuma kuno, ndikuvala nsapato kuti ndikakwere basi ya kutchalitchi ku Abu Hamour, foni inayaka patebulo, nkhope ya Tadala poyera. Madamu anaitola.

"Uyu ndani? Yalla, fulumira, yankha."

"Wa mchemwali wanga, madamu." Ndinaseka, ine, ndinaseka ndithu. "Ine kubereka ana sindifuna, amasokosa."

Sanandiuze kuti ndifufute. Ndinafufuta ndekha, chithunzi chimenecho, china, chinanso, zonse, ngakhale cha tsiku limene anayamba kuyenda, maso anga ali pankhope ya madamu kuti ndione ngati zakwana.

Ndinakwera basi ija. Mpamene ndinamvetsa kuti tsiku lija amayi sankandilanga. Ankandipemphera malo, ndipo chokhacho chimene akanapereka chinali msana wangawu. Mantha ndi otero, amakugwiritsa dzanja lako lomwe. Iwo anapereka, n'kukanidwa.

Ine sindinakanidwe. Nditabwerako madamu anandimwetulira, n'kunena kuti atsikana opanda ana ndiwo abwino, ndikhalenso zaka zina ziwiri.